NKHUKU ZOLANDIRA KATEMERA ZIKUFA BWANJI?

Pali dandaulo limodzi limene limamveka kawiri-kawiri pakati pa oweta nkhuku m'cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba ndi Petauke kufikira ku Chipata, Chadiza ndi Lundazi. Mlimi amanena kuti anagula katemera wa citopa, namwetsa nkhuku zace monga momwe anamuuzira, koma patangopita masabata owerengeka citopa comweco cinalowa m'khola ndi kusesa nkhuku zonse. Pamenepo mau amaculuka. Ena amati katemera wa masiku ano ndi madzi cabe. Ena amati wogulitsa anawanyenga. Enanso amaloza cala mnansi wao kuti ndiye waponya mankhwala m'khola kaamba ka njiru, ndipo anthu amene anali kupemphana moto amaleka kupatsana moni.

Nkhaniyi yakula tsopano popeza nkhuku sizirinso za ndiwo za alendo zokha ai. M'caka ca 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zimene tonse timazidziwa ndi dzina lakuti CDF, kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse. Gawo lina la ndalamazi limapita ku makalabu a amai ndi acinyamata, ndipo makalabu ambiri anasankha kuweta nkhuku za nyama kapena za mazira. Motero khola likatha, cimene catayika ndi cuma ca gulu lonse, ndalama za sukulu za ana, ndiponso cikhulupiriro ca anthu pa nchito za citukuko. Ndico cifukwa cace kuli koyenera kuti tifufuze bwino gwero la bvutoli tisanaweruze munthu ali yense.

Katemera amaphunzitsa, samenya yekha nkhondo

Citopa ndi mdani wakale. Anthu anayamba kucidziwa m'caka ca 1926 pa cisumbu ca Java ndi ku mzinda wa Newcastle ku Mangalande, ndipo muno m'Zambia cinalembedwa koyamba m'mabuku a Boma mu 1952 ku Mazabuka. Palibe woweta amene sadziwa zizindikiro zace: nkhuku kutsegula m'mimba zobiriwira, kupuma mobanika, kupotoka khosi ndi kufa motsatizana. Katemera wa nthendayi alipo, ndipo ndi wamphamvu ndithu akasungidwa bwino ndi kuperekedwa moyenera.

Koma cimene ambiri sanauzidwe ndi ici. Katemera sali ngati mankhwala ophera nsabwe amene amagwira nchito okha. M'kabotolo muja muli kacirombo ka citopa kofooketsedwa. Kakalowa m'thupi la nkhuku, asilikali a m'thupi amakaona, naphunzira nkhope yace, nakonzeratu zida, kuti tsiku limene citopa ceni-ceni cidzafika adzacizindikire msanga ndi kucigonjetsa. Tsono ngati m'thupi mulibe asilikali, katemera aphunzitsa yani? Apa ndiye pagona nkhani yonse. Nthawi zina nkhuku imene yafa ndi citopa italandira katemera inali itayamba yagwidwa ndi matenda ena, kale-kale iri kamwanapiye, ndipo matendawo ndiwo anapha asilikali ace mwini khola osadziwa kanthu.

Kathumba ka asilikali

M'kati mwa nkhuku yaing'ono, pamwamba pa malo otulukira zitosi, pali kathumba ka mnofu kokula ngati nzama. Madokotala a ziweto amati kathumbako ndi bursa. Kwa zaka mazana anthu anali kukaona koma osadziwa nchito yace. Mu 1956 wophunzira wina wa pa Ohio State University ku America, dzina lace Bruce Glick, pamodzi ndi anzace, analengeza zimene anapeza: anapiye amene anawacotsa kathumbaka ali ang'ono anakula bwino-bwino, koma atawabaya tizirombo toyambitsa matenda, matupi ao analephera kupanga zida zodzitetezera.

Kuyambira pamenepo kunadziwika kuti kathumbaka ndiko sukulu ya asilikali a nkhuku. M'menemo ndimo amakulira ndi kuphunzirira m'masabata oyamba a moyo wa mwanapiye, kenaka amabalalika m'thupi lonse. Nkhuku ikakula nkufika pa msinkhu woikira mazira, kathumbako kamafota kokha popeza nchito yace yatha. Koma kakaonongeka nchito isanathe, nkhukuyo imakhala yopanda citetezo cokwanira moyo wace wonse.

Gumboro, mbala ya usiku

Nthenda imene imaononga kathumbaka ndi Gumboro. Dzinali likumveka ngati la kuno kwathu, koma ndi dzina la kamudzi ka m'cigawo ca Delaware ku America kumene nthendayi inaoneka koyamba mu 1957. Ca m'ma 1987 ku Ulaya kunabuka mtundu wina wa Gumboro waukali koposa, ndipo unafalikira ku Asia ndi ku Africa. Muno m'Zambia ulimo. Mu 2016 akatswiri a pa sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia analengeza kuti anapeza mtundu waukaliwu mu nkhuku za nyama za m'mafamu a m'Lusaka, ndipo nkhukuzo zinali zitalandira katemera wa Gumboro.

Gumboro ali ndi nkhope ziwiri. Akagwira anapiye a masabata atatu kufikira asanu ndi limodzi amaonekera poyera. Anapiye amaunjikana pamodzi nthenga ziri nyankhalala, amanjenjemera, amatsegula m'mimba zoyera zamadzi-madzi zimene zimamatirira kumbuyo, ndipo ena amadzijompha okha kumbuyoko. Imfa zimakwera msanga, nizitsikanso pasanathe sabata limodzi. Mukang'amba mwanapiye wakufa mumapeza timadontho ta magazi m'minofu ya m'nchafu ndi ya pacifuwa, ndipo kathumba kaja kamakhala kotupa. Mtundu waukali ukhoza kupha anapiye oposa theka m'khola la nkhuku za mazira.

Nkhope yaciwiri ndiyo yoopsa kopambana. Gumboro akagwira mwanapiye asanakwanitse masabata atatu, maka-maka m'masabata awiri oyamba, kawiri-kawiri saonetsa cizindikiro ciri conse. Mwanapiye amadya, amamwa, amathamanga ndi anzace, pamene m'kati kathumba kafota. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mwini khola amamwetsa katemera wa citopa pa tsiku lace, nalemba m'buku kuti nchito yatha, osadziwa kuti wabzala mbeu pa thanthwe.

Kacirombo ka Gumboro ndi kouma mutu. Ofufuza anapeza kuti khola limene munali nkhuku zodwala linali kupatsirabe nthendayi patapita masiku 122 cicotsere nkhukuzo, ndipo madzi, cakudya ndi zitosi zocokera m'kholamo zinali zoopsabe patapita masiku 52. Kamayenda pa nsapato, pa matumba a cakudya, pa mbale zomwera ndi pa matayala a njinga.

Adani ena awiri

Gumboro sayenda yekha. Pali kacirombo kena kocepetsa magazi mwa anapiye, kamene kanapezeka koyamba ku Japan mu 1979. Aka kamatha kucoka kwa thadzi kulowa m'dzira, motero mwanapiye amaswedwa ali nako kale. Kamaononga mafuta a m'mafupa, mmene magazi amapangidwira, ndiponso tinyama tina ta m'khosi mmene mumakulira gulu laciwiri la asilikali a m'thupi. Pa masabata awiri mwanapiye wotere amakhala wotumbuluka ndi wopinimbira, magazi ace amasanduka amadzi-madzi, ndipo nthawi zina mapiko amada ngati munthu wawaponda.

Wacitatu ndi nthenda ya Marek, imene inatenga dzina la dokotala wa ku Hungary, József Marek, amene anaifotokoza mu 1907. Kacirombo kace kamauluka ndi fumbi locokera m'nthenga, ndipo kamakhala m'khola miyezi yambiri. Poyamba kamafooketsa asilikali a m'thupi mwakacetecete, ndipo patapita miyezi nkhuku imapuwala, nigona mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo. Zina zimacita zotupa m'ciwindi ndi m'ziwalo zina, zina diso limasanduka lotuwa. Katemera wa Marek amabayidwa pa tsiku loyamba, kumene anapiye amaswedwera ndi makina. Mwanapiye akafika kumudzi alibe katemerayu, nthawi yabwino yomuteteza imakhala itadutsa.

Matenda atatuwa sagwira anthu. Tikuchula zimenezi kuti wina asacite mantha. Komabe ife amene taona mmene kacirombo ka HIV kamafooketsera munthu kufikira cifuwa cacikuru cimupeza wopanda mphamvu, sitingabvutike kumvetsa zimene zimacitika mwa nkhuku. Nthenda imene imaoneka ndi maso ndi yaciwiri. Yoyamba inatsegula citseko.

Zikakumana m'thupi limodzi

Kacirombo kali konse mwa atatuwa kali ndi mbali yace imene kamaononga. Tsono tikakumana m'thupi la nkhuku imodzi, ciri conse cimathandiza cinzace. Mwanapiye wathanzi akapitirira masabata atatu sadwalanso kweni-kweni ndi kacirombo kocepetsa magazi, koma amene anayamba wagwidwa ndi Gumboro amadwala nako ngakhale atakulirapo, ndipo imfa zimaculuka kuposa pamene kacirombo kali kamodzi. Momwemonso katemera wa Marek amacepa mphamvu mwa anapiye amene agwidwa ndi Gumboro kapena kacirombo ka magazi. Magulu onse awiri a asilikali akagwa, ngakhale tizirombo tamba ta m'zitosi ndi m'fumbi, timene nkhuku yathanzi imakhala nato osadwala, timasanduka takupha. Ndipo mvula ikakuona litsiro sikata: cimfine, kutsegula m'mimba kwa magazi, zironda za pakhungu ndi citopa zimabwera motsatana.

Tiyerekeze ndi kalabu imene yagula anapiye 200. Gulu loyamba lakula bwino, lagulitsidwa, ndipo mamembala akondwa. Pofuna phindu la msanga, aitanitsa anapiye ena tsiku lomwe akugulitsa nkhuku zotsiriza, nawaika pa utuci womwewo, mbale zomwezo, khola losatsuka. Gulu laciwiri lionetsa kutsegula m'mimba pang'ono, nkhuku zina zipinimbira. Gulu lacitatu lilandira katemera wa citopa, koma likufa ndi citopa. Msungicuma athamangira ku sitolo kukagula makapisozi ndi mankhwala aufa othira m'madzi, ena athira mphiripiri ndi phulusa, koma imfa sizileka. Cifukwa cace ncakuti mankhwala amenewa amapha tizirombo ta mtundu wa bakiteriya. Gumboro, Marek, citopa ndi kacirombo ka magazi ndi ta mtundu wa vairasi, ndipo palibe kapisozi amene amatipha. Ndalama zatha pawiri, ndipo pa msonkhano wotsatira mamembala ayamba kunenana za kuba.

Cilala ca 2024 cinaonjezera moto

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Tonse tikumbukira njala ya anthu, koma cilalaco cinakhudzanso nkhuku m'njira ziwiri zimene tiyenera kuphunzirapo.

Njira yoyamba ndi magetsi. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Katemera wa nkhuku amafuna kukhala m'firiji pa kuzizira kwa madigiri 2 kufikira 8. Firiji ikazima usana wonse, kapena botolo likayenda m'thumba la malaya pa dzuwa la October kucokera ku tauni kufika kumudzi, kacirombo kofooketsedwa kaja kamafa, ndipo mlimi amamwetsa nkhuku zace madzi eni-eni. Pa mfundo iyi odandaula aja sanama ai.

Njira yaciwiri ndi cakudya. Cimanga ndi nsawawa zimene zabvutika ndi cilala m'munda, kapena zasungidwa pa cinyontho, zimacita cuku cimene cimatulutsa poizoni. Mu August 2024 Nduna ya Zaumoyo, Bambo Elijah Muchima, inacenjeza dziko kuti agalu pafupi-fupi 400 anaganiziridwa kuti anafa ndi cakudya copangidwa ndi cimanga cokhala ndi poizoni ameneyu. Poizoni yemweyu anayamba kudziwika mu 1960 ku Mangalande, pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa zitadya cakudya ca nsawawa zacuku. Mwa nkhuku, ngakhale atakhala wocepa wosafika pakupha, amaononga ciwindi ndi kufotetsa kathumba kaja ka asilikali. Ife a kuno ku dziko la nsawawa tiri ndi cizolowezi cosankha mbeu zabwino ndi kutayira nkhuku zoola. Cizolowezi cimeneci cimamaliza nchito imene Gumboro anayamba.

Nanga nkhuku za kumudzi?

Wina anganene kuti zonsezi ndi za nkhuku za cizungu. Ndi zoona kuti mdani wamkulu wa nkhuku zoyenda pabwalo akali citopa, ndipo cida cace ndi katemera wa I-2, amene anapangidwa ku Australia kaamba ka midzi yopanda mafiriji. Amapirira kutentha kuposa anzace, ngakhale kuti nayenso amafuna malo ozizira ndi mthunzi. Amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaing'ono ndi yaikuru, pa miyezi inai iri yonse.

Koma masiku ano khola la kalabu limamangidwa pakati pa mudzi, pamene nkhuku za kumudzi, nkhanga, abakha ndi nkhunda zimayenda. Nkhuku yaikuru ya kumudzi ikhoza kunyamula tizirombo iyo osadwala, nkusiya zitosi pakhomo la khola. Utuci wakale wa m'khola ukatayidwa pa dzala, anapiye a kumudzi amakafukula pomwepo. Motero matenda amayenda mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene anganene kuti nkhaniyi siimukhudza.

Zoyenera kucita woweta

Coyamba, gulani anapiye kwa ogulitsa odziwika, ndipo funsani katemera amene anapiyewo alandira kale, maka-maka wa Marek. Pemphani pepala la masiku a katemera wotsala. Mwanapiye amabadwa ndi citetezo cocokera kwa mace kudzera m'dzira, ndipo citetezoci cimatha pang'ono-pang'ono m'masabata awiri kapena atatu. Katemera wa Gumboro akaperekedwa msanga kwambiri, citetezo ca mace cimamupha. Akacedwa, nthenda imayamba kufika ndiyo. Ndico cifukwa cace kawiri-kawiri amaperekedwa m'sabata laciwiri ndi kubwerezedwa m'sabata lacitatu. Tsiku leni-leni mufunse mlangizi wa ziweto, osati mnzanu wa pamsika.

Caciwiri, perekani katemera mwa dongosolo. Munyamuleni m'kabokosi kozizira. Cotsani madzi m'khola kwa ola limodzi kapena awiri kuti anapiye amve ludzu. Sungunulani katemera m'madzi oyera, ozizira, opanda klorini kapena sopo, m'ciwiya ca pulasitiki, m'mawa dzuwa lisanakwere. Ikani mbale zokwanira kuti mwanapiye ali yense amwe, ndipo madziwo athe pasanapite maola awiri. Otsala musasunge kuti mudzamwetse mawa.

Cacitatu, musasakanize nkhuku za misinkhu yosiyana m'khola limodzi. Gulu likagulitsidwa, cotsani utuci wonse, mukauunjike kutali kuti uole, sesani fumbi la m'denga ndi m'zipupa, tsukani ndi sopo, thirani mankhwala ophera tizirombo amene alangizi abvomereza, ndipo khola likhale lopanda kanthu masabata osacepera awiri. Masabata awiri amenewa amaoneka ngati kutaya ndalama, koma ndiwo amapulumutsa gulu lotsatira.

Cacinai, khola likhale ndi woyang'anira mmodzi kapena awiri, okhala ndi nsapato za m'khola mokha. Ogula aime panja. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi acibale ikhale payokha masabata atatu isanasakanizidwe ndi zina. Anapiye afunde bwino, apeze mpweya wokwanira, asapanikizane, ndipo asadye gaga kapena nsawawa zacuku.

Cacisanu, nkhuku zikayamba kufa motsatizana, musathamangire nazo ku msika, pakuti kumeneko ndiko kugawira mudzi wina tsoka lanu. Zakufa zikwiriridwe mozama kapena zitenthedwe. Dziwitsani ofesi ya ziweto tsiku lomwelo, monga lamulo la za umoyo wa ziweto la caka ca 2010 likufunira pa matenda opatsirana oopsa. Mlangizi akang'amba nkhuku imene yangofa kumene akhoza kuona ngati kathumba kaja kali kotupa kapena kofota, ndipo pofunika akhoza kutumiza ziwalo ku malo ofufuzira matenda a ziweto a Boma ku Balmoral, kufupi ndi Lusaka.

Mbali ya atsogoleri

Mlandu suli pa alimi okha. Makomiti amene amabvomereza mapempho a makalabu ayenera kuona ngati m'ndondomeko ya ndalama muli katemera wa Gumboro ndi wa citopa, mankhwala otsukira khola ndi kabokosi kozizira. Pempho limene lalemba anapiye ndi cakudya cokha likali losakwanira, ndipo kulibweza kuti likonzedwe ndiko kuthandiza kalabuyo. Kungakhalenso kwanzeru kuti mamembala ayambe aphunzitsidwa ndi mlangizi wa ziweto ndalama zisanatuluke.

Madera amene ali kutali ndi tauni angaganizire zogula firiji yoyendera mphamvu ya dzuwa, kuti katemera azipezeka pafupi ndipo asaonongeke magetsi akazima. Ogulitsa katemera nawo ayenera kukhala oona mtima. Botolo limene lagona m'firiji yozima litayidwe, lisagulitsidwe kwa mai amene wayenda mtunda wautali ndi ndalama za gulu.

Mafumu ndi nyakwawa ali ndi nchito yaikuru. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangathe kutseka citopa kunja ngati nkhuku za anansi ace ziribe katemera. Mudzi ukapangana tsiku limodzi lodonthezera nkhuku zonse, katatu pa caka, mtengo wace umacepa ndipo citetezo cimakula. Mlandu wa nkhuku zakufa ukabwera pabwalo, mfumu iyambe yafunsa ngati mlangizi wa ziweto anaitanidwa, anthu asanayambe kuchula za ufiti.

Kwa makalabu onse amene akukonzeka kuitanitsa anapiye mwezi wamawa, pempho lathu ndi lakuti ayambe apita ku ofesi ya ziweto ya m'boma lao, akatenge masiku a katemera, atsuke khola ndi kulisiya lipume, ndipo afunse wogulitsa za Gumboro ndi Marek asanalipire ngwee iri yonse.